Mbiri ya chilombo cha m'nyanja ya Loch Ness

Loch Ness ndi nyanja ya madzi opanda mchere imene ili m'mapiri a kumpoto kwa Scotland, kumwera chakumadzulo kwa mzinda wa Inverness. M'litali ndi makilomita pafupifupi 36, koma ndi yopapatiza moti woima tsidya lino amaona bwinobwino nyumba ndi mitengo ya tsidya linalo. Pamalo akuya kwambiri imafika mamita 230. Poiyerekeza ndi Nyanja ya Malawi, imene imazama mamita pafupifupi 700, ndi yaing'ono ndithu, komabe madzi ake amaposa a nyanja zonse za ku England ndi Wales ataphatikizidwa. Nyanjayi inagona mu mng'alu waukulu wa nthaka wotchedwa Great Glen, ndipo mpaka zaka pafupifupi 10,000 zapitazo chigwa chonsecho chinali chodzaza ndi madzi oundana. Madzi ake ndi oderapo ngati tiyi wopanda mkaka, chifukwa mitsinje imakokololeramo dothi lakuda la zomera zowola kuchokera kumapiri, motero wolowa pansi saona patali. Ndi oziziranso kwambiri: pansi penipeni amakhala pa madigiri 5 kapena 6 chaka chonse. Mdima umenewu ndiwo wasunga nkhani ya chilombo kwa zaka zambiri, pamene kuzizira kwa madziwo ndi kuchepa kwa zaka za nyanjayo ndizo zimaitsutsa.

Cholembedwa chakale kwambiri chimene chimatchulidwa pankhaniyi ndi mbiri ya moyo wa Columba, mmonke wa ku Ireland amene anakhazikika pa chilumba cha Iona mu 563 n'kuyamba kulalikira Chikhristu ku Scotland. Dzina lake ndi lodziwika ngakhale ku Blantyre, kumene kuli mpingo wa CCAP wotchedwa St Columba. Mbiriyo inalembedwa ndi Adomnán, mkulu wa amonke a ku Iona, cha m'ma 700, patapita zaka pafupifupi 100 Columba atamwalira mu 597. Adomnán akusimba kuti Columba anapeza anthu a mtundu wa Pict akuika maliro a munthu amene analumidwa ndi chilombo cha m'madzi akusambira. Iye anatuma mmodzi wa omutsatira kuti asambire akatenge bwato tsidya lina. Chilombo chinavuuka chitayasamula, koma Columba anachita chizindikiro cha mtanda n'kuchilamula kuti chibwerere, ndipo chinathawa. Pali mfundo ziwiri zimene obwereza nkhaniyi amaziiwala kawirikawiri. Zimenezi akuti zinachitikira mumtsinje wa Ness, umene umatuluka m'nyanjayi kulowera ku Inverness, osati m'nyanja mwenimwenimo. Komanso mabuku a moyo wa oyera mtima a nthawi imeneyo ndi odzaza ndi nkhani za njoka, nguluwe ndi zilombo zina zogonja pamaso pa munthu wa Mulungu. Cholinga cha Adomnán chinali kuonetsa mphamvu ya Mulungu wa Columba kwa anthu amene anali asanatembenuke, ndipo za maonekedwe a chilombocho sanavutike nazo.

Anthu a m'mapiri a Scotland, amene ankalankhula Chigaeliki, anali ndi nthano zawozawo. Nyanja zambiri ndi maiwe akuya ankati muli hatchi ya m'madzi, imene ena ankaitcha kelpie ndipo ena each-uisge. Akuti inkaima m'mphepete mwa madzi ngati hatchi yofatsa ndi yokongola, ana n'kukwera pamsana pake. Akangokwera, manja ankamatirira pachikopa, hatchi n'kudumphira nawo m'madzi, ndipo m'mawa mwake pagombe pankapezeka chiwindi chokha. Nthano yoopsa chotere inali ndi ntchito yake. M'dziko limene madzi ake amaumitsa thupi m'mphindi zochepa, kholo linkafuna kuti mwana aziopa gombe. Ndi mmenenso zilili ndi Napolo kum'mwera kwa Malawi: chinjoka chimene amati chimasamuka m'phiri kupita kunyanja chimatchulidwa pamene phiri lagumuka ndi madzi, monga ku Zomba mu Disembala 1946 ndi ku Phalombe mu Malichi 1991. Osimba za Napolo sakhala akufunsa kuti ndi njoka ya mtundu wanji. Amakhala akukumbutsana za malo amene madzi anadutsapo kale ndipo angadzadutsenso. Hatchi ya m'madzi inali m'gulu lomweli, ndipo panalibe woganiza zoitchera ukonde kapena kuiyeza pasikelo.

Kusintha kunayambira kutali ndi nyanjayo. Mu 1823 Mary Anning, mayi wofukula mafupa akale m'magombe a Lyme Regis ku England, anapeza mafupa athunthu a nyama yokwawa ya m'nyanja imene akatswiri amaitcha plesiosaur, ya khosi lalitali, kamutu kakang'ono, thupi lonenepa ndi zipsepse zinayi zopalasira madzi. Nyamazi zinatha zaka 66 miliyoni zapitazo, koma zithunzi zake zinalowa m'mabuku ndi m'maganizo a anthu. Mu 1912 Arthur Conan Doyle anatulutsa buku la The Lost World, lonena za nyama zakale zimene zinapulumukira pamalo obisika ku South America, ndipo mu 1933 kanema wa King Kong, mmene muli chinyama cha khosi lalitali chovuuka m'dambo, anaonetsedwa ku London. Panthawi yonseyi Loch Ness sinali malo obisika ayi. Ngalande ya Caledonian, imene anaimanga Thomas Telford, inatsegulidwa mu 1822 ndipo njira yake imadutsa m'nyanja momwemo. Sitima za nthunzi zinkanyamula alendo chaka ndi chaka, ndipo Mfumukazi Victoria nayo inadutsamo mu 1873. Pa zaka zoposa 100 za maulendo amenewa pankamveka mphekesera za apo ndi apo za chinsomba chachikulu, koma chilombo cha khosi lalitali chimene dziko likuchidziwa lero chinali chisanabadwe.

Chinabadwa mu 1933. Chaka chimenecho msewu wa m'mphepete mwa nyanja, mbali ya kumpoto, unali kukonzedwa. Anagwetsa mitengo ndi kuphwanya miyala, ndipo apaulendo a pagalimoto anayamba kuiona nyanja poyera. Mu Epulo, Aldie Mackay, amene ankayendetsa hotela ku Drumnadrochit pamodzi ndi mwamuna wake, anati anaona madzi akuwinduka ndi chinthu chachikulu chonga nangumi chikugubuduka. Nkhaniyo inafika kwa Alex Campbell, woyang'anira usodzi ku Fort Augustus amenenso ankatolera nkhani nyuzipepala ya Inverness Courier, ndipo inasindikizidwa pa 2 Meyi 1933. Pa 22 Julayi George Spicer wa ku London ndi mkazi wake anati anaona chinyama cha khosi lalitali chikudutsa msewu pakati pa Dores ndi Foyers kulowera kumadzi. Umboni uwu ndiwo unapatsa chilombo maonekedwe ake, ndipo ofufuza ena a m'mbuyo muno aona kuti zimene Spicer anafotokoza zikufanana kwambiri ndi chinyama cha mu King Kong, kanema amene iye anali ataonera. Mu Novembala Hugh Gray anajambula chithunzi choyamba, chosaoneka bwino, chimene mpaka lero ena amaonamo galu akusambira ndi kamtengo kukamwa, ena katumbu. Pasanapite nthawi nyuzipepala za ku London zinatumiza atolankhani, ndipo Bertram Mills, mwini wa gulu loonetsa masewera a nyama, analonjeza mapaundi 20,000 kwa aliyense wogwira chilombocho chamoyo.

Nyuzipepala ya Daily Mail inalemba ganyu Marmaduke Wetherell, munthu wopanga makanema amene anakhalapo ku Africa ndipo ankadziwika ngati mlenje wa nyama zikuluzikulu. Mu Disembala 1933, atangokhala masiku ochepa panyanjapo, analengeza kuti wapeza mapazi a chinyama cha zala zinayi pagombe. Anadinda mapaziwo ndi pulasitala n'kuwatumiza ku Natural History Museum ku London. Yankho linabwera mu Januwale 1934: anali mapazi a mvuu, ndipo onse anali a phazi limodzi lomwelo, louma, la mtundu umene azungu ochokera ku Africa ankakonda kusandutsa choikamo maambulera kapena mbale ya phulusa la fodya. Wetherell anachita manyazi pamaso pa dziko lonse, nyuzipepala imene inamutuma inamutaya, ndipo iye anasunga mangawa.

Pa 21 Epulo 1934 Daily Mail yomweyo inasindikiza chithunzi chimene chatchuka kuposa zonse: khosi lowonda ndi kamutu zitatuluka pamadzi, timafunde tikuzungulira. Wopereka chithunzicho anali Robert Kenneth Wilson, dokotala wa matenda a amayi wa ku London, ndipo ulemu wa ntchito yake unachititsa kuti anthu asakayike. Kwa zaka 60 chithunzichi chinali m'mabuku, m'magazini ndi m'makanema ngati umboni waukulu. Koma mlandu suola. Mu 1975 Ian, mwana wa Wetherell, anauza nyuzipepala ina kuti chinali chopeka, ngakhale kuti ochepa okha ndi amene anatchera khutu. Patapita zaka, ofufuza awiri, David Martin ndi Alastair Boyd, analondola nkhaniyo mpaka anapeza Christian Spurling, mwana womupeza wa Wetherell, ali wokalamba. Spurling anaulula mu 1993, atatsala pang'ono kumwalira, kuti ndiye anaumba mutu ndi khosilo n'kuzimata pa kasitima koseweretsa ana kogulidwa m'sitolo ya Woolworths. Wetherell ndi Ian anakayandamitsa pamalo osaya n'kujambula, ndipo chithunzi chinafika kwa dokotalayo kudzera mwa mnzawo wina, kuti dzina la Wetherell lisamveke. Nkhaniyi inatuluka mu 1994. Chomvetsa chisoni n'chakuti anthu ambiri oona mtima anataya ndalama ndi zaka zawo kufunafuna nyama imene maonekedwe ake anawaona koyamba pachidole ichi. Boyd mwiniwakeyo ankakhulupirira kuti m'nyanjamo muli chinthu, komabe sanabise zimene anapeza, ndipo pa chimenechi ayenera ulemu.

Mu Julayi 1934 Sir Edward Mountain, mkulu wa kampani ya inshuwalansi, analemba ntchito amuna 20 n'kuwamwaza m'mphepete mwa nyanja ndi makamera ndi magalasi oonera patali kwa masabata asanu. Anabwerako ndi zithunzi zingapo, zambiri za mafunde, ndipo kanema wamfupi amene anajambulidwa pambuyo pake akatswiri anati mwina ndi seal, nyama ya m'nyanja yamchere imene nthawi zina imakwera ndi mtsinje wa Ness potsatira nsomba. Mu 1938 William Fraser, mkulu wa apolisi m'chigawo cha Inverness, analembera akuluakulu a boma kudandaula za alenje amene ankakonza mfuti yoponya mkondo kuti adzaphe chilombo. Iye sankakayika kuti chilipo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inaziziritsa nkhaniyi. Mu Seputembala 1952 John Cobb anafera panyanjayi pamene bwato lake la liwiro lotchedwa Crusader linagunda mafunde likuthamanga makilomita oposa 320 pa ola. Ena anathamangira kutchula chilombo, koma ofufuza anati anali mafunde osiyidwa ndi bwato lina.

Nyengo ya kufufuza mwakhama inayamba ndi buku la Constance Whyte la 1957, More Than a Legend, limene linasonkhanitsa mwaulemu maumboni a anthu a m'deralo. Pa 23 Epulo 1960 Tim Dinsdale, injiniya wa ndege, anajambula kanema wa chinthu chonga linunda chikuwoloka nyanja. Mu 1966 akatswiri ounika zithunzi a gulu lankhondo anati mwina chinali chamoyo, koma ounika a pambuyo pake, okhala ndi makina abwinopo, anaonamo bwato lili patali. Dinsdale anasiya ntchito yake n'kudzipereka pa kufufuzaku mpaka anamwalira mu 1987, ndipo ngakhale otsutsana naye ankavomereza kuti anali munthu woona mtima. Mu 1962 David James, phungu wa nyumba ya malamulo, ndi Peter Scott, katswiri wa mbalame, pamodzi ndi anzawo, anakhazikitsa bungwe la Loch Ness Investigation Bureau. Kwa zaka 10 anthu ongodzipereka ankasinthana kulondera nyanja kuyambira m'bandakucha mpaka madzulo, makamera atawakhazika pamagalimoto. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo anthuwa anadekhadi, koma pamene bungwelo linkatsekedwa mu 1972 linalibe chithunzi ngakhale chimodzi chothetsa mkangano.

Chimene chinkawalimbitsa mtima sichinali chopanda nzeru. Bernard Heuvelmans, katswiri wa zinyama amene buku lake la 1955 linayala maziko a mwambo wosaka nyama zosadziwika, ndi ena oganiza ngati iye, ankakumbutsa kuti sayansi inadzidzimutsidwapo kale. Okapi, nyama ya m'nkhalango za Congo yapachibale ndi nyamalikiti, inadziwika ku Ulaya mu 1901 kudzera mwa Harry Johnston, yemwe uja anayamba kulamulira dziko limene lero ndi Malawi m'dzina la Britain. Nsomba ya coelacanth, imene ankati inatha limodzi ndi nyama zakale monga plesiosaur, inakodwa mu ukonde pafupi ndi East London ku South Africa mu Disembala 1938, ndipo Marjorie Courtenay-Latimer anaisunga kuti akatswiri aione. Koma kusiyana kwake n'koonekeratu. Anthu a ku Congo ankaidziwa okapi ndipo ankaisaka, moti Johnston analandira chikopa ndi zigaza. Coelacanth inafika patebulo ndi mamba ake, ndipo yachiwiri inapezeka mu 1952 ku Comoros, kumene asodzi ankaidziwa kale. Ku Loch Ness sikunapezekepo fupa, dzino kapena mtembo wa chinyama chosadziwika ngakhale kamodzi.

M'ma 1970 kufufuza kunalowa pansi pa madzi. Robert Rines, loya wa ku America, anamiza makamera ndi makina a sonar, amene amatumiza phokoso m'madzi n'kumvetsera likamabwerera litagunda chinthu. Mu Ogasiti 1972 anapeza zithunzi zonga chipsepse, ndipo mu 1975 china chonga mutu wa nyanga. Iye ndi Peter Scott anafika popatsa chilombo dzina la sayansi, Nessiteras rhombopteryx, m'magazini ya Nature mu Disembala 1975, pofuna kuti lamulo loteteza nyama lichiteteze. Pambuyo pake zinadziwika kuti zithunzi za chipsepse zinakonzedwakonzedwa zisanasindikizidwe, ndipo chonga mutu chija ambiri amavomereza kuti chinali chitsa cha mtengo chimene chinapezeka pamalo omwewo mu 1987. Makina a sonar anapezadi chinthu chenicheni mu 1976: ndege yankhondo ya mtundu wa Wellington imene inagwera m'nyanjamo pa 31 Disembala 1940. Anaivuula mu 1985, ndipo lero ili m'nyumba yosungiramo zakale ya Brooklands. Mu 2016 makina ena anapeza chidole cha chilombo, chachitali mamita pafupifupi 9, chimene chinamira mu 1969 pojambula kanema wa Sherlock Holmes. Zonsezi zinasonyeza kuti pansi pa nyanjayi pangathe kusanthulidwa, ndipo chinthu chachikulu sichingabisalepo mpaka kalekale.

Amene anatembenuza funso lenilenilo anali Adrian Shine, yemwe anafika m'ma 1970 kudzasaka chilombo koma anatsirizira pa kuphunzira nyanjayo. Mu Okutobala 1987 anatsogolera Operation Deepscan: mabwato pafupifupi 20 anandandalika mzere umodzi kuchokera tsidya lino kufika tsidya linalo n'kumayenda pang'onopang'ono, sonar ikusesa pansi. Anamva zinthu zitatu zimene sanathe kuzifotokoza, koma atabwerera sanazipezenso. Mu 2003 gulu lotumidwa ndi BBC linabwereza ntchitoyi ndi makina amphamvu kwambiri osapeza kanthu. Chofunika koposa chinali kuwerengera chakudya. Popeza kuwala sikulowa patali m'madzi akudawa, ndere ndi tizilombo tating'ono n'zochepa, motero nsombanso n'zochepa: akatswiri amati zonse pamodzi ndi matani pafupifupi 20. Nyama zodya zinzake kawirikawiri sizilemera kuposa gawo limodzi mwa magawo 10 a chakudya chazo, choncho nyanjayi singadyetse mtundu wa zinyama zikuluzikulu. Ndipo uyeneradi kukhala mtundu, wa zazimuna, zazikazi ndi ana, pakuti nyama imodzi singakhale ndi moyo zaka zoposa 1,400 kuchokera nthawi ya Columba. Nyama yopuma mpweya ikanavuuka kambirimbiri patsiku alendo akuona, ndipo nyanja ya zaka 10,000 singakhale pothawira nyama imene inatha zaka 66 miliyoni zapitazo.

Nanga anthu amaona chiyani? Ambiri a iwo sanama ayi. Nyanja yopapatiza ikachita bata, mafunde a bwato limene linadutsa kalekale amagunda magombe awiri n'kubwerera, ndipo pokumana pakati amaoneka ngati malinunda akuyenda. Mphepo ikakankhira madzi ofundirapo a pamwamba mbali imodzi, pansi pamayenda funde lalikulu losaoneka limene limatha kukoka chipika cha mtengo mosemphana ndi mphepo, woona n'kuyesa chamoyo. Agwape a kumeneko amasambira kuwoloka, khosi ndi mutu zili pamwamba. Mbalame zomira, akatumbu ndi seal nazo zimasokoneza maso, makamaka pakati pa madzi pamene palibe choyerekezera kukula kwa chinthu. Pamwamba pa izi, munthu amene wayenda ulendo wautali kudzaona chilombo amakhala atachiona kale m'maganizo.

Mu Juni 2018 Neil Gemmell wa ku yunivesite ya Otago ku New Zealand anatunga madzi oti akayezedwe, mabotolo pafupifupi 250, m'malo osiyanasiyana a nyanjayi, pamwamba ndi pansi pomwe. Chamoyo chilichonse chimasiya m'madzi timagawo ta khungu, mamba kapena ndowe, ndipo DNA ya m'timagawoto imaulula mwini wake. Zotsatira zinalengezedwa ku Drumnadrochit mu Seputembala 2019. Anapeza mitundu pafupifupi 3,000 ya zamoyo, yambiri ya tizilombo tosaoneka ndi maso, komanso DNA ya anthu, agalu, nkhosa, ng'ombe ndi agwape. Ya nyama yokwawa sinapezeke n'komwe, ngakhalenso ya mlamba wamkulu wa ku Ulaya kapena nsomba ya sturgeon, zimene ena ankaziganizira. Imene inapezeka ponseponse inali ya mkunga. Gemmell anafotokoza kuti njirayi siulula kukula kwa nyama, motero sakanatha kukaniratu kuti mwina muli mkunga waukulu modabwitsa, ngakhale kuti mikunga ya ku Ulaya kawirikawiri siifika mita imodzi ndi theka.

Kusakako sikunathe. Mu Ogasiti 2023 anthu ambiri ongodzipereka anasonkhana kwa masiku awiri ndi timandege toyendetsedwa ndi makina, makamera oona kutentha kwa thupi ndi zomvetsera pansi pa madzi, m'kusaka kumene akuti kunali kwakukulu koposa pa zaka 50, ndipo sanapeze umboni. Steve Feltham wakhala m'galimoto yake m'mphepete mwa nyanjayi kuyambira 1991, akulondera madzi ndi kugulitsa tizidole ta chilombo timene amaumba yekha. Kaundula wa onena kuti anachiona, amene anakhazikitsidwa mu 1996, ali ndi malipoti oposa 1,000, ndipo chaka chilichonse amawonjezeka ndi angapo, ena ochokera kwa anthu oyang'ana makamera a panyanjapo kudzera pa intaneti ali kumayiko akutali. Mahotela, mabwato a alendo ndi masitolo a ku Drumnadrochit ndi Fort Augustus amadalira kwambiri dzina la Nessie, monga mmene eni dera amachitchulira chilombocho mwachikondi, ndipo mu 2018 anawerengera kuti chimabweretsa mapaundi pafupifupi 41 miliyoni pachaka ku chuma cha Scotland.